Za Mkazi Woweta Nkhuku ku America, ndi Buku Lace Loseketsa

Pamene tifuna kudziwa mbiri ya mtundu wina wa anthu, kawirikawiri tiyamba kufunsa za mafumu ao ndi nkhondo zao, ndipo mabuku a mbiri atiyankha msanga, pakuti zimenezo ndizo olemba akonda kusunga. Koma tikafunsa kumene mkazi wa dziko lija anali kutunga madzi, ndi nthawi imene anali kudzuka, ndi moto umene anali kuphikapo, mabuku akuru aja angokhala cete. Zotere tizipeza m'malo onyozeka: m'makalata a pacibale, m'mabuku a ngongole a eni masitolo, ndiponso m'mabuku a nthabwala. Mwezi uno tifuna kuika pamaso pa awerengi athu buku limodzi la nthabwala locokera ku America, kuti tione pamodzi cimene buku lotere likhoza kutiphunzitsa, ndi pamene tiyenera kulifunsa mafunso monga afunsira mboni pa bwalo.

Dzina la bukulo m'Cingerezi ndi The Egg and I, ndiko kunena Dzira ndi Ine. Analilemba mkazi dzina lace Betty MacDonald, ndipo analisindikiza a J. B. Lippincott a mu mzinda wa Philadelphia m'mwezi wa October 1945, itangotha nkhondo yaikuru yaciwiri. Cisanathe caka cimodzi anali atagulitsa mabuku 1,000,000. M'menemo mlembi asimba zaka zowerengeka zimene anakhala ndi mwamuna wace woyamba pa munda wa nkhuku m'thengo, kuyambira caka ca 1927, ndipo asimba zonse moseketsa, ngakhale zowawa zomwe.

Tiyambe ndi malo. Ku ngodya ya kumpoto ca kumadzulo kwa dziko la United States kuli cigawo cochedwa Washington, m'mphepete mwa nyanja yaikuru ya Pacific. Awerengi asacisokoneze ndi mzinda wa Washington, likulu la dzikolo, umene uli kutali kum'mawa, ulendo wa masiku angapo pa njanje. M'cigawo cimeneci muli dziko la mapiri lozingidwa ndi madzi mbali zitatu, dzina lace Olympic Peninsula, ndipo ca kum'mawa kwa mapiriwo kuli cigwa ca Chimacum, pafupi ndi doko la Port Townsend. Kale lonselo linali nkhalango ya mitengo yotalika kuposa mikungudza ya pa Mulanje. Kuyambira zaka za m'ma 1850 makampani oceka matabwa anamanga makina ao m'mbali mwa nyanja, nayamba kugwetsa mitengo ija; ndipo zitapita zaka makumi asanu ndi limodzi anatsala ndi dziko lalikuru la zitsa zokhazokha, zina zazikuru monga nkhokwe, pamene khasu la ng'ombe silikadatha kupita.

Kodi dziko lotere akadacita nalo ciani? Eni makampani anaona kuti nkhuku siifuna munda wogalauza. Cotero anayamba kugawa dziko la zitsalo m'zidutswa zazing'ono, naitana anthu a m'mizinda otopa ndi nchito ya malipiro kuti adzagule, adzawete nkhuku, adzakhale pa ufulu. M'caka ca 1917 kampani ya Puget Mill inatsegula mudzi wa Alderwood Manor kumpoto kwa mzinda wa Seattle, kumene munthu anali kugula maekala asanu, naphunzitsidwa kuweta pa munda wa citsanzo. Caka comweco alimi a nkhuku a m'cigawoco anapanga bungwe lao logulitsira mazira pamodzi, ndipo mazira a ku Washington anali kuyenda pa njanje kufikira ku New York. M'caka ca 1918 positi ya dzikolo inalola kunyamula anapiye a tsiku limodzi m'mabokosi, popeza mwanapiye wongoswedwa akhoza kukhala masiku awiri kapena atatu wosadya. Tsono mwamuna wa Betty, amene m'bukumo achedwa Bob, sanalote yekha loto limenelo. Anali mmodzi wa ambiri. Anasiya nchito yace ya inshuwalansi, natenga mkazi wace wongokwatiwa, nanka naye ku munda wosiyidwa m'cigwa ca Chimacum.

Mkaziyo sanabadwire kumunda. Anabadwa m'caka ca 1907 ku Boulder m'cigawo ca Colorado, atate wace anali katswiri wa migodi, ndipo anakulira ku Butte ndi ku Seattle, m'nyumba ya mabuku ndi alendo, yodzala abale okonda kuseka. Atate anamwalira mu 1920, iye akali mwana. Bukulo liyamba ndi mwambo umene amace anamlangiza nao, wakuti nchito yoyamba ya mkazi ndiyo kuona kuti mwamuna wace akondwera ndi nchito imene wasankha, ndi kumtsata kuli konse afuna kunka. Mwambo umenewo suli wacilendo m'makutu athu. Anamkungwi ambiri kuno anena zofanana nao. Buku lonse liri ngati kuika mwambowo pa moto, monga woumba aoca mphika kuti aone ngati udzang'aluka.

Pa mundapo panalibe magetsi, panalibenso mpope wa madzi m'nyumba. Madzi onse, akumwa, ophikira ndi ocapira, anali kuwatunga ndi ndowa. Usiku anali kuunika ndi nyali za parafini, zimene magalasi ace afunika kupukutidwa masiku onse. Anali kudzuka nthawi ya 4 koloko, kunja kukali mdima. M'nyumbamo munali citofu cacikuru ca citsulo coyaka nkhuni, ndipo mlembi acisandutsa munthu, nalimbana naco masamba ambiri monga alimbanira ndi mbale waulesi wokhala pa khomo: cidya nkhuni zosawerengeka, cikwiya popanda cifukwa, cifuka utsi pamene munthu ali ndi cangu, ndipo kutentha kwace cipereka mouma manja. Mkazi ali yense wa pa mudzi amene anauzirapo nkhuni zaziwisi m'dzinja, misozi iri kutsika, adzamzindikira mdani ameneyo cinkana sanaonepo citofu ca ku America.

Koma mtima wa nkhani ndi nkhuku. Ife tizolowera nkhuku ya pa mudzi, imene idzifunira yokha cakudya pa dzala, nifungatira mazira ace, nicinjiriza ana ace kwa kabawi. Nkhuku za malonda nzina. Anapiye afika mazanamazana, opanda mai, ndipo munthu ndiye asanduka mai wao: awasunga m'kanyumba kofunda, ayang'anira moto usiku ndi usana, awathira madzi ndi kuwatsukira ziwiya kangapo pa tsiku. Moto ukacepa aunjikana pa ngodya, napsinjana kufikira kufa, ukacuruka akomoka, ena amira m'madzi ao akumwa, ena ajompha anzao mpaka mwazi. Bob anali ndi buku la ciwerengero lolembamo mazira a tsiku liri lonse, cakudya cogulidwa, ndi nkhuku zakufa pamodzi ndi cimene cinazipha. Ndipo mkazi wace, posowa colemba, anali kulembamo matenda opeka oseketsa, mwamunayo osaona konse coseketsa cace. Pano wophunzira mbiri aime pang'ono. Buku la ciwerengero lija ndilo cizindikilo ca ulimi watsopano, m'mene nkhuku siyesedwanso ciweto ca pa khomo cophera mlendo, koma makina osandutsa tirigu kukhala mazira, ndipo imene yaleka kuikira siicedwa kudulidwa khosi. Ulimi umenewo ndiwo unakula kufikira makola a masiku ano a nkhuku zikwi makumimakumi, amene anameza alimi ang'ono onga Bob.

Njala kunalibe. Apa bukulo lisiyana ndi nkhani za umphawi zimene tizidziwa ife. Ndiwo za m'dimba zinali kukula modabwitsa, m'nkhalango munali agwape, m'nyanja nkhanu ndi nkhono zodyedwa ndi nsomba zamafuta. Bvuto linali kusunga. Popeza m'miyezi yozizira sikumera kanthu, ndipo mafiriji kunalibe, mkazi wa pa munda anali kutha miyezi yotentha ali kuphika zipatso ndi ndiwo ndi nyama, nazitsekera m'mabotolo a galasi mazanamazana, monga ife tifutsa mfutso. Betty anada nchitoyo. Tsiku lina mphika wace wa citsulo wotsekera nthunzi unaphulika, iye nakondwera kuti wapumula; koma mwamuna wace anangoitanitsa wina waukuru woposa. Tiwerengamonso za amalonda oyenda khomo ndi khomo, amene kufika kwao kunali cikondwerero kwa akazi osowa woceza naye; za madansi a Loweruka usiku; za cionetsero ca zaulimi ca caka ndi caka; ndi za ophika kacasu m'thengo. Awa otsirizawa atikumbutsa kuti kuyambira 1920 kufikira 1933 lamulo la United States linaletsa kupanga ndi kugulitsa mowa, ndipo kumidzi lamulolo linali kulemekezedwa pakamwa pokha.

Kodi izi nzoona, kapena ndi nthano ya mkazi wofuna kuseketsa? Pano mboni yathu ibvomerezana ndi ziwerengero za boma. Ca m'ma 1930, m'mizinda ya America nyumba zisanu ndi zinai mwa khumi zinali ndi magetsi, koma pa minda inali ngati imodzi yokha mwa khumi. Makampani a magetsi anakana kukoka nthambo mitunda yambiri kukafika pa khomo limodzi, pakuti phindu panalibe. Zinasintha pamene Pulezidenti Franklin Roosevelt anakhazika m'caka ca 1935 nthambi ya boma yochedwa Rural Electrification Administration, imene inali kukongoza ndalama kwa alimi osonkhana m'mabungwe kuti adzikokere okha nthambo. Ndipo pofika zaka zoyamba za m'ma 1950 minda ngati isanu ndi inai mwa khumi inali itaunikidwa. Cotero iye amene aganiza kuti Azungu onse a ku America anabadwira m'nyumba za magetsi ndi mipope, awerenge za ndowa za Betty. Agogo a anthu ambiri amene ayenda pa galimoto kumeneko lero anasenza madzi, nacapa pa manja, nanka ku cimbudzi ca kunja usiku ndi nyali.

Cimeneci citithandizanso kumvetsa cifukwa cace bukulo linagulidwa cotero. Kalembera wa 1920 ndiye woyamba kupeza kuti anthu a m'mizinda acuruka kuposa a kumidzi. Tsono owerenga ambiri a 1945 anali ana a alimi, othawa ndowa ndi citofu dzulo lomweli, ndipo munthu aseka bwino bvuto limene walipulumuka. Ena anali asilikari obwera ku nkhondo pamodzi ndi akazi ao, olota kamunda kabata kutali ndi phokoso, ndipo bukulo linawasekera loto lao mokoma. M'caka ca 1947 anapanga nalo cithunzi ca kanema, m'mene Claudette Colbert ndi Fred MacMurray anasewera Betty ndi Bob.

Kufikira pano mboni yanena zoona. Tsopano tiifunse mafunso.

Loyamba nlopepuka, ndilo la mvula. Wowerenga bukulo aganiza kuti mvula ya kumeneko siikata miyezi yambiri. Koma mitambo yocokera ku Pacific ikhuthula madzi ace ambiri kumadzulo kwa mapiri, mbali ya kum'mawa nitsala ndi zocepa. Ku Port Townsend mvula ya caka conse icepa kuposa ya ku Lilongwe. Cimene ciri coona ndi mawawa ndi mitambo yosacoka m'miyezi yozizira, pamene dzuwa lilowa 4 koloko itangopitirira. Mlembi anayesa mvula ndi mtima wa mtsikana wosungulumwa. Wanthabwala ali yense akulitsa zinthu, monga mlenje akulitsa nguluwe posimba pa mphala, ndipo omvera adziwa kucotsako okha.

Funso laciwiri nlolemera. M'bukumo Bob aoneka munthu wa nchito, wodziwa zonse, wosatopa, amene colakwa cace ncakuti asamala nkhuku koposa kuceza ndi mkazi wace. Ndipo buku litha awiriwo akali pamodzi. Koma mbiri inena zina. M'caka ca 1931 Betty anamsiya mwamunayo, natenga ana ace akazi awiri, nakakhala kwa amace ku Seattle, pakati pa umphawi waukuru umene unagwa pa America kuyambira 1929, pamene nchito inali kusowa ngakhale kwa amuna. Ukwati unatha pa bwalo m'caka ca 1935. Paula Becker, amene anaturutsa mbiri ya moyo wa Betty m'caka ca 2016, anafufuza makalata a mlandu wa cisudzulowo, ndipo m'menemo mkaziyo adandaula za kuledzera ndi nkhanza. Buku la nthabwala silisimba zimenezo.

Sitinena kuti mlembi anacimwa pobisa. Masiku amenewo mkazi wosudzulidwa anali kulozedwa zala, ana ace anali atakula kufikira kuwerenga, iye mwini anali atakwatiwanso mu 1942 ndi Donald MacDonald, ndipo osindikiza anafuna buku loseketsa. Koma wowerenga wodziwa izi akabwerera ku bukulo alimva mwina. Mau a citofu ndi a anapiye akhala omwewo, koma pansi pace amva mtsikana wa zaka makumi awiri, wopanda mnzace wokamba naye, woyembekeza kalata ya kwao monga mlimi ayembekeza mvula yoyamba. Akazi athu alidziwa bwino luso limeneli, pakuti nyimbo za pa mtondo nazo ziseketsa odutsa, mwini wace ali kunena zimene sakhoza kunena pa bwalo. Betty anacitanso comweco ndi matenda ace. M'caka ca 1938 anagwidwa ndi cifuwa cacikuru, nagona miyezi ngati isanu ndi inai m'cipatala ca Firland, masiku amene mankhwala ociza nthendayo kunalibe, ndipo ambiri olowamo sanaturukemo amoyo. Nazonso anazisandutsa buku loseketsa, The Plague and I, mu 1948.

Funso lacitatu ndi ili: ndani analipira mtengo wa kuseka kumeneku? M'bukumo muli banja la anansi lochedwa Kettle, la ana khumi ndi asanu. Bambo wa banjalo ndi waulesi wa lilime lokoma, wobwereka cinthu ciri conse osabweza, amene bwalo lace ladzala zitsulo zakufa. Mai ndi wonenepa, wotukwana, wa nyumba yauve, koma wa mtima wabwino ndi manja opatsa. Ndipo tiyenera kunena kuti mlembi amkonda mai ameneyu koposa mnansi wina waukhondo, Mrs. Hicks, amene nyumba yace ing'anima koma pakamwa pace sipacoka mijedo. Owerenga anawakonda a Kettle koposa Betty mwini. Marjorie Main ndi Percy Kilbride anawasewera m'kanema uja mokondweretsa anthu, kotero kuti panaturuka zithunzi zina zisanu ndi zinai za a Kettle okha, kufikira caka ca 1957.

Mlembi anasintha maina a anthu ndi a midzi, koma cigwa ca Chimacum ncacing'ono, ndipo kusintha dzina pa mudzi waung'ono kuli ngati kubisa njobvu m'munda wa nyemba. Alendo anayamba kufika pa magalimoto kudzafuna a Kettle eni eni. Pamenepo banja lina la m'cigwamo, nkhalamba ndi ana ace, linasuma mlandu, nati mlembi watisandutsa coseketsa ca dziko lonse, atilipire. Mlanduwo unazengedwa ku Seattle mu February 1951. Taonani kubvuta kwace: kuti apambane, odandaula anayenera kutsimikiza pamaso pa anthu kuti waulesi ndi wauve wa m'buku ndiwo iwo, natsimikizenso kuti iwo sali otero. Betty anayankha kuti a Kettle sali banja limodzi, koma anawaumba ndi zidutswa za anthu ambiri. Maloya ace anabwera ndi umboni wakuti mmodzi wa ana aja anaimikapo atate wace pamaso pa anthu m'nyumba ya dansi, nkhuku iri kukhwapa, nawacha Pa Kettle. Anthu wamba osankhidwa kumva mlanduwo, monga uli mwambo wa mabwalo a kumeneko, anagamula kuti mlembi alibe mlandu. Mwa lamulo nkhani inathera pomwepo. Koma ife tiganiza kuti panali mangawa ena amene bwalo silidziwa kuwerenga, pakuti mlendo amene adya pa khomo pako, nabwereka moto wako, nakasimba uve wa m'nyumba mwako kwa anthu 1,000,000, cinkana asimbe mwacikondi, watenga kanthu kamene sunampatse.

Funso lotsiriza ndilo lotibvuta koposa. M'dziko lija munali anthu Azungu asanafike. Azungu anawacha Indians, potsata kusokera kwa Columbus, amene pofika mu 1492 anayesa kuti wafika ku India; koma iwo sali Amwenye iai, ndiwo eni dziko, a mitundu yambiri ndi zinenero zambiri. A m'mbali mwa nyanja ya ku Port Townsend ndiwo a S'Klallam, anthu a mabwato ndi nsomba, makamaka nsomba yochedwa salmon, imene icoka m'nyanja kukwera mitsinje kukaswa monga icitira mpasa mu Bua. Bob anapalana ubwenzi ndi eni dziko ena, nanka nao kosaka ndi kowedza. Betty anawada, ndipo sanabise. Anawalemba monga anthu oledzera, auve, osadziwa ulemu, nanenanso poyera kuti kunali kwabwino kuwalanda dziko lokongolalo. Pa masamba amenewo nthabwala yace isanduka ina. Poseka citofu anali kuseka cimene cinamsautsa. Poseka a Kettle anali kuseka anthu amene anadya nao. Koma pano aseka anthu amene sanafunse konse mbiri yao.

Mbiriyo ndi iyi. Mu January 1855 Bwanamkubwa Isaac Stevens anasonkhanitsa akuru a S'Klallam, a Chimakum ndi a Skokomish pa malo ochedwa Point No Point, nacita nao pangano lakuti apereke dziko lao, alandire madola 60,000 olipidwa pang'ono pang'ono m'zaka zambiri, nasamukire ku malo opatulidwa ku Skokomish. Cimene anadzisungira ndico ufulu wa kuwedza m'madooko ao akale. A S'Klallam ambiri anakana kusamuka, pakuti malowo anali kutali ndi madzi ao ndi manda a makolo ao. M'caka ca 1871 mudzi wao wa pa Port Townsend unatenthedwa mwa lamulo la boma. Nthomba ndi cikuku zinali zitapha ambiri, ndipo amalonda anali kuwagulitsa kacasu. M'caka ca 1874 mabanja ena, poona kuti adzapitikitsidwa pali ponse akhala, anasonkha madola 500 a golidi, nagula maekala 210 a dziko la makolo ao lomwe, namanga mudzi wa Jamestown, umene ulipo kufikira lero. Anthu osonkha ndalama kuti aombole nthaka yao sali anthu opanda nzeru kapena ulemu. Lamulo lowayesa eni dziko onse nzika za United States linadza mu 1924, zaka zitatu zokha Betty asanafike m'cigwamo. Iye anaona kuledzera, ndipo kapena anakuonadi. Cimene sanaone ndico zaka makumi asanu ndi awiri zimene zinatsogola. Ndipo osindikiza anasindikiza mau amenewo, ogula nagula, buku nilitamandidwa. Pa ici bukulo liri mboni yeni yeni ya America wa 1945, koma mboni imene pofuna kuneneza ena ineneza yokha pamodzi ndi omvera ace.

Zinthu zinatembenuka pang'ono pambuyo pace. M'caka ca 1974 woweruza George Boldt anagamula kuti mapangano a masiku a Stevens akali ndi mphamvu, ndi kuti mitundu ya eni dziko iyenera kulandira theka la nsomba zogwidwa m'madooko ao. Ndipo mu 1981 boma linabvomereza a ku Jamestown kuti ali mtundu wodzilamulira. Mu 1987, posindikizanso bukulo, ana akazi awiri aja analemba mau oyamba, nanena kuti akhulupira kuti amai ao akadakhala ndi moyo akadalemba za eni dziko mwa njira yina. Ana ayenera kunena cotero, koma kapena nzoonanso. M'buku lace la m'cipatala, bwenzi lace la pamtima ndi mtsikana wa mtundu wa Ajapani, amene pambuyo pace anadziwika monga mlembi Monica Sone. Ndipo Betty anamlemba ndi ulemu ndi cikondi mu 1948, zitangotha zaka zimene boma la America linatsekera Ajapani a m'mbali mwa Pacific m'misasa. Amene anagona naye cipinda cimodzi, nakamba naye, anamuona monga munthu.

Betty MacDonald anamwalira ndi khansa ku Seattle mu February 1958, ali ndi zaka 50. Mseu wopita pa munda uja lero uchedwa Egg and I Road. Dzina la cigwa nalo liri ndi mwini wace. Chimacum ndilo dzina la a Chimakum aja amene anaika cizindikilo pa pangano la 1855, mtundu waung'ono umene unali utathyoledwa kale ca m'ma 1847 ndi nkhondo ya a Suquamish, motsogoleredwa ndi mfumu Seattle, yomweyo imene mzinda waukuru uja unatenga dzina lace. Pamene Franz Boas, wofufuza zinenero, anafika kumeneko mu 1890, anapeza anthu atatu okha odziwa cinenero cao. Ndipo m'zaka za m'ma 1940, zomwezo zimene bukulo linaturuka, cinenero ca Chimakum cinaleka kumveka.